Belo la fodya, belo ya kukhoti

Kukacha ku Kapelula m'miyezi yogulitsa fodya, fungo ndilo limayamba kudzuka.

Ndi fungo la fodya wouma, lokoma pamphuno koma loyabwa kukhosi. Pansi pa chigafa amuna awiri akanirira pa jeke, wachitatu akusanja mindindi m'bokosi, mnyamata wagwira singano kudikira kusoka chiguduli. Chotuluka m'menemo ndi belo, lolemera ngati matumba awiri a chimanga, thukuta la banja lonse kuyambira tsiku lofesa nazale.

Ulendo wa beloli ndi wa ku okushoni ku Chinkhoma.

Kumsewu, pamthunzi wa mango, pali katebulo kodzaza mabotolo. Kale munali zakumwa, lero muli petulo. Anyamata a kabaza aunjikana pomwepo, wina akugwedeza njinga yamoto khutu lili pathanki, kumvetsera ngati mwatsala kanthu.

Kenaka pakutulukira mayi. Chitenje wamanga cholimba, m'manja muli mbale ziwiri zovindikirana, zokulungidwa m'kansalu. Aliyense wokulira kumudzi amadziwa kuti mbale zomangidwa chotere zimapita malo awiri: kuchipatala kapena kupolisi.

"Mayi, mtengo wa dzana uja sutheka. Taonani botololi."

"Mwana wanga, ndithandizeni. Mnzanu wagona masiku anayi m'chitokosi."

Amanenerera, amamvana, njinga n'kulira. Fumbi n'kutseka msewu.

Mayiyu nayenso akutsata belo, koma yake ndi ina.

Chichewa chinabwereka mawu awiri n'kuwatchula mofanana. Timawasiyanitsa ndi kamawu kamodzi kotsatira: belo la fodya, belo ya kupolisi kapena ya kukhoti. Loyambalo limalowetsa ndalama m'nyumba kamodzi pachaka. Yachiwiriyo imabweza munthu pakhomo pamene mlandu wake ukudikira. Ndipo zonse ziwiri, kuti zisunthe, zimafuna zimene zili m'botolo lija.

Malamulo a zinthu zimenezi amapangidwa m'nyumba imodzi ku Lilongwe. Chimene chandibweretsa kuno n'kuona mmene amafikira: ena chothamanga, ena chokwawa, ena sanafikebe.

Zimene zinalembedwa

Tiyambe ndi zolembedwa, chifukwa zolembedwazo n'zabwino ndithu.

Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino, amene tinayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1994, limanena mosapsatira mawu. Munthu akamangidwa auzidwe chimene wamangidwira, m'chilankhulo chimene amamva. Akaonekere kukhoti maola 48 asanathe, ndipo maolawo akathera pa tsiku limene khoti silitsegula, apite tsiku loyamba lotsegulira. Atulutsidwe, pa belo kapena popanda belo, pokhapokha chilungamo chitafuna kuti asungidwe. Ndipo khoti lisanamupeze wolakwa, munthuyo ndi wosalakwa.

Olemba mawu amenewa anali ndi zipsera. Dziko linali litangotuluka m'zaka 30 za ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda, mwana wa boma lomwe lino la Kasungu, pamene munthu ankatengedwa usiku n'kukaiwalika ku Mikuyu kapena ku Dzaleka. Mlakatuli Jack Mapanje anakhala ku Mikuyu kuchokera mu 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu uliwonse.

Maola 48 aja analembedwa ndi anthu okumbukira zimenezi.

Mu 2000 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lounikira apolisi ndi makhoti popereka belo. Mafunso ake ndi omveka ngakhale pabwalo la nyakwawa. Kodi munthuyu akatuluka athawa? Akaopseza mboni kapena kufafaniza umboni? Akavulaza wina kapena kupalamulanso? Nanga kutuluka kwake kubutsa chipolowe? Mayankho akakhala oti ayi, palibe chomusungira.

Mu 2005 khoti lalikulu la apilo, pa mlandu wa Fadweck Mvahe, linanenetsa kuti ngakhale woganiziridwa kupha munthu ali ndi ufulu wa belo, ndipo ntchito yosonyeza chifukwa chomukanizira ndi ya boma, osati ya womangidwayo.

Mu 2010 aphungu anaika malire a nthawi. Pa mlandu wozengedwa kwa majisitireti, munthu asapitirire masiku 30 pa limandi mlandu usanayambe. Pa milandu ikuluikulu monga kupha, kugwiririra ndi kuba moopseza, masiku 90. Boma likafuna kuwonjezera lipemphe khoti, ndipo masiku owonjezerawo asapose 30.

Pamwamba pa zonsezi pali mawu amene amamatidwa pazipupa za maofesi ambiri a polisi ndipo amalengezedwa pa wailesi: belo ya kupolisi ndi yaulere.

Kumene pepala limathera

Tsono tengani malamulo onsewa, muwakweze pa kabaza, mukawatsitse ku Kapelula.

Dera la Mfumu Yaikulu Kapelula lili kum'mawa kwa boma la Kasungu, chakumtsinje wa Bua. Misewu yolowa m'midzi ndi yafumbi m'chilimwe, yamatope m'dzinja. Munthu akamangidwa kuno, pakati pa iye ndi woweruza pali mtunda, ndipo mtunda umadya mafuta. Galimoto ya polisi ikakhala pa mzere wa mafuta kapena ku garaja, maola 48 amatha munthu ali chikhalire. Womangidwa Lachisanu madzulo amadziwiratu kuti Loweruka ndi Lamulungu agona momwemo.

M'midzi yambiri ya dziko lino muli mawu amene achibale a womangidwa amawaopa: ya mafuta. Nthawi zina pempholi limakhala loona, galimoto ilibedi kanthu m'thanki. Nthawi zina limakhala chophimba cha zina. Munthu wa kumudzi sangathe kusiyanitsa, ndipo poti mwana wake ali mkati, amapereka. Akabwerera kumudzi amauza anzake kuti belo amagula, ndipo pepala la pachipupa lija limasanduka bodza m'maso mwa mudzi wonse.

Akafika kukhoti, majisitireti angathe kunena kuti belo yaperekedwa, koma pabwere anthu awiri odalirika omuimira, omwe ambiri amangowatchula kuti mboni, aliyense ndi chitupa cha unzika. Nthawi zina pamafunikanso ndalama ya chikole. Ndalama ya kukhotiyi ndi yovomerezeka, ili ndi lisiti, ndipo imabwezedwa mlandu ukatha ngati munthu sanajombe. Koma kuti idzabwezedwe iyenera iyambe yapezeka.

Mu Juni, mabelo atagulitsidwa, imapezeka. Mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitauma, fodya akadali m'munda, banja limagulitsa mbuzi, kapena kukatenga katapila, kapena kulonjeza fodya wosathyola kwa mavenda pa mtengo wolira. Zikakanika, munthu amene khoti lamulola kupita kwawo amakwera galimoto ya kundende.

Belo wapatsidwa, koma sanatuluke.

Mwa Achewa, mwana akagwa m'mlandu wonyamuka ndi malume, mwini mbumba. Kwa mbadwa ya kuno, malume ali mudzi wachiwiri, ndipo nyakwawa imamudziwa mwanayo kuyambira ali kumsana. Ndiye taganizirani mnyamata wa ku Phalombe kapena ku Mulanje amene anabwera pa lole kudzalima fodya pa esiteti. Malume ake ali kutsidya kwa mitsinje yosawerengeka. Kanyumba kamene amagona ndi ka bwana. Ndipo nthawi zina womudandaula kupolisi ndi bwana yemweyo, pa nkhani ya feteleza wosowa kapena mindindi yotuluka usiku.

Mboni ziwiri azitenga kuti?

Mu 2021 aphungu anasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa ulimi wa matenanti. Koma m'minda ya Kasungu anthu ochokera kutali akadalimo, kaya muwatchule dzina lanji. Lamulo la belo la 2000 limauza khoti kuti liyang'ane ngati munthu ali ndi achibale, ntchito kapena katundu kudera kumene mlandu ukuzengedwera. Cholinga chake n'chomveka, wokhala ndi mizu sathawa msanga. Koma muyeso womwewo ukafika pa esiteti umasanduka sefa. Mwini munda amadutsa, wolima mundawo amatsalira.

Mlandu ukakhala wakupha, majisitireti alibe mphamvu yopereka belo. Pempho liyenera kupita ku khoti lalikulu, ndipo la chigawo chapakati lili ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 130 kuchokera pa boma la Kasungu. Kumeneko pamafunika loya wolemba mapepala. Ndewu ya pamowa kapena mkangano wa malire a munda zikathera pa maliro, woganiziridwayo amatha kukhala pa limandi zaka, masiku 90 aja atadutsa kalekale, fayilo yake osadziwika pamene ili.

Boma lili ndi Legal Aid Bureau, ofesi yoimira anthu osauka pa milandu, imene inayamba ntchito mu 2015. Maloya ake ndi ochepa poyerekeza ndi mulu wa milandu. N'chifukwa chake ofesiyi inapempha Nyumba ya Malamulo kuti isinthe lamulo, maparaligo ake, othandiza pa za malamulo amene si maloya, aziloledwa kulankhulira anthu pa milandu ing'onoing'ono m'makhoti a majisitireti. Komiti ya aphungu yoona za malamulo inamva maganizo a anthu pa nkhaniyi mu 2021. Bungwe la maloya la Malawi Law Society linakana, likuti kuimira munthu pakhoti ndi ntchito ya loya wophunzira mokwanira.

Nkhawa ya maloyayo ndikuimva. Koma mayi wa mbale uja alibe loya woti asankhe. Akapanda paraligo, mwana wake aima yekha m'bokosi, manja kumbuyo, osadziwa n'komwe kuti akhoza kukweza dzanja n'kupempha belo.

Maparaligo si achilendo m'ndende zathu. Kuyambira mu 2000 a Paralegal Advisory Service akhala akulowa m'ndende kuphunzitsa a pa limandi mmene angapemphere belo okha, kusaka achibale awo, ndi kukonza zoti majisitireti azibwera kudzaunika milandu kundende komweko. Njira imeneyi mayiko ena a mu Africa anadzaiphunzira kuno. Zimene zimagwira ntchito tikuzidziwa kale.

Kasungu yemweyu anaphunzitsapo dziko lonse. Usiku wina mu Malichi 2018 apolisi anasesa anthu pa malo achisangalalo m'tauni ya Kasungu, ogwira ntchito ndi ogulitsa malonda omwe, n'kuwatsekera. Kutacha anawatengera kukhoti pa mlandu wa vakabu. Ena mwa iwo sanagonje. Anakasuma, ndipo mu 2022 khoti lalikulu ku Zomba, pamaso pa Justice Zione Ntaba, linagamula kuti kusesa anthu mwachisawawa chotere n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Linaperekanso miyezi 24 yoti gawo lonse la lamulo la vakabu liunikidwenso. Izi zinadza pambuyo pa chigamulo cha 2017 pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anamangidwa m'bandakucha akupita ku msika ku Limbe, chimene chinathetsa mbali imodzi ya lamulo la atsamundali.

Munthu amene sanayenere kumangidwa n'komwe sasowa mboni, sasowa chikole, sadya mafuta a galimoto ya boma.

Mkwiyo wa kumudzi

Ndikanalekera pamenepa ndikananama, chifukwa ku Kapelula mawu oti belo sakoma m'khutu la aliyense.

Funsani mlimi amene anadzuka n'kupeza m'chigafa mwatsala mikangala yokhayokha, fodya wa chaka chonse atapita usiku umodzi, ngongole ya kampani ikumudikira. Iye ndi apolisi a m'mudzi anatsata mapazi, anamugwira munthu, analipira yekha kabaza wopita naye kupolisi. Patapita masiku awiri akumuona yemwe uja ali pa bawo kuseri kwa golosale.

Palibe anamufotokozera. Palibe anamuuza tsiku la mlandu. Kwa iye belo ndi dzina laulemu la ziphuphu.

Mkwiyo wotere ndi umene umabala mawu oopsa aja akuti tikadzamugwiranso sitidzapita naye kupolisi. Ndipo mathero ake tinawaona. Mu Malichi 2016 anthu asanu ndi awiri anatenthedwa ku Nsanje powaganizira kuti anali ndi mafupa a anthu. Mwezi wotsatira, m'boma lino la Kasungu, mwana wachialubino wosakwana zaka ziwiri anabedwa usiku ali mtulo pambali pa mayi ake, ndipo patapita masiku zinapezeka ndi zotsalira zochepa chabe paphiri. Dziko linagwedezeka. Anthu anaguba, ena akufuula kuti oganiziridwa milandu yotere asamapatsidwe belo, ndipo chaka chomwecho aphungu anakhwimitsa zilango m'lamulo la milandu ndi m'lamulo lokhudza ziwalo za anthu.

Amene anaona maliro amenewo sangapeputse mkwiyowo. Ine sindiupeputsa.

Koma ndikukana kuti mankhwala ake ndi kutseka chitseko cha belo. Mphamvu yokaniza belo munthu woopsa, wotha kuthawa kapena woopseza mboni khoti lili nayo kale. Chimene chimamupweteka mlimi wa mikangala uja kwambiri ndi chete amene amatsatira: mlandu woimitsidwa kasanu, mboni zotopa ndi kulipira kabaza, wofufuza wosamutsidwa, fayilo yosowa. Akuluakulu anati mlandu suwola, koma wa munthu wosauka umauma pang'onopang'ono mpaka onse kuutaya.

Kusintha kwa lamulo kumene kungathandize kuno n'kwapafupi. Wodandaula aziuzidwa, polemba kapena kudzera kwa nyakwawa, kuti woganiziridwa watuluka pa mfundo ziti, azikaonekera kupolisi masiku ati, ndipo mlandu ulowa liti. Munthu wodziwa tsiku la mlandu sathamangira chikwanje.

Nanga tikatseka belo, anthuwo tikawaika kuti?

Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti linagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu ndi nkhanza zosayenera munthu, n'kupereka miyezi 18 yoti kuthithikanako kuchepe ndi theka. Papita zaka zoposa 15, ndende zikusungabe anthu ochuluka pafupifupi kawiri kuposa malo ake. Ku Maula ku Lilongwe, kumene ambiri a pa limandi a chigawo chapakati amathera, pali zipinda zimene anthu amagona chokhala, wina pakati pa miyendo ya mnzake. Chakudya ndi kamodzi patsiku. Chifuwa chachikulu ndi mphere sizifunsa ngati munthu anagamulidwa kale kapena akudikira.

Lamulo loyendetsera ndende linali la m'ma 1950, la atsamunda. Latsopano aphungu analivomereza mu 2025.

Kuchokera pa chigamulo cha Masangano, zaka 16. Nambala imeneyi muisunge.

Botolo la pa katebulo

Tibwerere pamthunzi wa mango paja.

Malawi sakumba mafuta. Petulo ndi dizilo zimalowa kudzera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo zimagulidwa ndi madola. Gawo lalikulu la madolawo limachokera m'zigafa ngati za ku Kapelula. Mu 2024 fodya yense wa dziko lino anabweretsa madola pafupifupi 396 miliyoni. Mafuta okha ankafuna madola pafupifupi 50 miliyoni mwezi uliwonse, kutanthauza 600 miliyoni pachaka.

Mabelo onse a ku Chinkhoma, Kanengo, Limbe ndi Mzuzu, kuwaphatikiza pamodzi, sanakwane kulipira mafuta a chaka chimodzi.

Malamulo oyendetsera malonda a mafuta ndi gasi anakhazikitsidwa mu 2004. Chaka chomwecho lamulo lina, loyendetsera za mphamvu, linabala bungwe la MERA, limene limapereka ziphaso ndi kuika mitengo. Mu 2010 boma linakhazikitsa kampani yake ya NOCMA, imene ili ndi nkhokwe za mafuta ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, zokwana malita 60 miliyoni zikadzaza. Lamulo limati wogulitsa mafuta akhale ndi chiphaso. Chifukwa chake aliyense akuchidziwa: petulo wosungidwa m'nyumba yaudzu, pafupi ndi mbaula, watenthapo mabanja.

Koma malo omwetsera mafuta ali m'matauni ndi m'misewu ikuluikulu. Chigayo cha dizilo cha m'mudzi sichingayende kupita pa pampu. Injini yothirira kudimba singayende. Wa kabaza sangawotche lita kuti akagule lita. Moyo wa kumudzi umayendera chigubu.

Ndiye mafuta akasowa, MERA n'kuletsa kugula m'zigubu popanda chilolezo pofuna kuthana ndi mavenda, woyamba kumva kuwawa ndi mayi wodikira ufa kuchigayo. Kumapeto kwa 2024, anthu akugona pa mizere, mtengo wa boma wa petulo unali K2,530 pa lita, umene unaikidwa mu Novembala 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti. Wa m'botolo unali kawiri, katatu, kwina kuposa apo. Mtengo wa bomawo munthu wa ku Kapelula ankangoumva pa wailesi. Mu Okutobala 2025 unakwera kufika K3,499, ndipo katebulo kaja nako kanakweza.

Mnyamata wa katebuloyo, pamaso pa lamulo, akupalamula. Tsiku limene apolisi adzagwire zigubu zake, iyenso adzafuna mboni ziwiri ndi chikole, ndipo mayi ake adzamanga mbale m'kansalu.

Malamulo awiriwa amakumanirana pamenepa, pa thupi la munthu mmodzi.

Mu Ogasiti 2021 bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB linamanga nduna yoona za mphamvu ya nthawiyo pamodzi ndi anthu ena awiri odziwika, powaganizira kuti ankafuna kulowerera pa makontirakiti ogulira mafuta ku NOCMA. Iwo anaukana mlanduwo. Patangopita masiku owerengeka anali kunyumba pa belo, maloya ali pambali. Khoti silinalakwe, umenewo unali ufulu wawo. Chimene ndikupempha n'chakuti ufulu womwewo uzimufikanso wa malita asanu, pa liwiro lomwelo.

Za liwiro tinaziona kumapeto kwa 2024. Novembala akutha, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analankhula ku mtundu wa Amalawi n'kulengeza kuti boma liyamba kugula mafuta pomvana ndi maboma a mayiko ena, m'malo mopikisanitsa makampani. Disembala asanafike pakati, aphungu anali atasintha kale lamulo la mafuta la 2004 kuti zimenezi zitheke. Otsutsa boma ndi mabungwe ena anadandaula kuti kusinthako kukuchotsa maso a lamulo la kagulidwe ka katundu wa boma pa ndalama zochuluka chotere. Bilu inadutsabe.

Milungu yowerengeka kuno, zaka 16 uko.

Sindikunena kuti aphungu analakwa kufulumira. Dziko linali litaima, maambulansi ali pa mzere, feteleza akulephera kufika m'midzi mvula itayamba. Ndikunena kuti tinaona ndi maso athu kuti Nyumba ija imatha kuthamanga ikafuna. Mzere wa mafuta umaoneka, ndipo galimoto za aphungu zimaimanso pomwepo. Mzere wa pa limandi uli kuseri kwa mpanda.

Mafuta a pansi pa nyanja

Pali lamulo linanso la mafuta limene silinathamangepo. Lofufuzira ndi kukumbira mafuta pansi pa nthaka ndi la 1983, lolembedwa nthawi ya chipani chimodzi, mphamvu zambiri zili m'manja mwa nduna. Dziko linagawidwa zigawo zisanu ndi chimodzi zofufuzamo mafuta. Mu 2011 kampani ya ku Britain ya Surestream Petroleum inapatsidwa ziwiri za pa nyanja ya Malawi, ndipo izi zinadzutsa mkangano wakale wa malire ndi Tanzania, umene mizu yake ili m'pangano la Britain ndi Germany la 1890. SacOil ya ku South Africa inalandira chigawo china mu 2012. RAK Gas ndi Pacific Oil zinatsatira mu 2013.

Mu Meyi 2014, kutatsala masiku ochepa kuti anthu akavote, boma linasainirana mapangano ogawana phindu ndi ena mwa makampaniwa. Boma lolowa linaimitsa ntchitoyo chaka chomwecho kuti liunike mmene ziphaso zinaperekedwera. Mpaka lero palibe chitsime chimene chikupopa mafuta m'Malawi.

Lamulo la migodi la 1981 linalowedwa m'malo mu 2019, kenakanso mu 2023. La mafuta linadutsa zaka 40 lili chomwecho.

Wina anganene kuti za pansi pa nyanja sizimukhudza mlimi wa ku Kapelula. Zimamukhudza. Bua amakathira m'nyanja yomweyo ku Nkhotakota, ndipo usipa wa pamsika umachokera komweko. Komanso mlimi wa fodya ndiye katswiri pa nkhani ya mapangano okambidwa iye kulibe. Amadziwa kuti pepala la malipiro likabwera zonse zitadulidwa kale, kudandaula kumakhala kochedwa. Lamulo la mafuta a pansi likonzedwe chitsime chisanakumbidwe, mapangano aziikidwa poyera, ndipo Nyumba ya Malamulo iziwaona asanasainidwe.

Madzulo, dzuwa litapendeka, njinga ija ikubwerera. Mayi akutsika, mbale zapepuka. Jeke waleka kulira, mabelo asanjidwa pakhonde kudikira lole. Mawa mayiyu anyamukanso, ndipo ndalama ya kabaza ya mawa ili m'mbuzi imene ikudya msipu kuseri kwa nyumba.

Chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chinatipatsa Nyumba ya Malamulo ya mipando 229, ndipo Kasungu ali ndi ake m'menemo. Olemekezeka aphungu, pitani mukaone a pa limandi ochokera m'madera anu, mufunse kuti aliyense wakhala masiku angati. Bwezerani patebulo nkhani ya maparaligo. Lembani m'lamulo kuti munthu amene masiku ake a pa limandi akwana azitengeredwa kukhoti popanda kudikira kuti apeze loya, ndiponso kuti chikole chiziyezedwa ndi thumba la munthuyo. Pokambirana bajeti, kumbukirani kuti mafuta a galimoto ya polisi ya kumudzi ndiwo amanyamula maola 48 aja. Ndipo mupezere wogulitsa mafuta wa kumudzi chiphaso chaching'ono ndi malo osungira otetezeka, chifukwa chigayo sichidzasiya kufuna dizilo.

Inu owerenga, m'bale wanu akamangidwa lembani tsiku ndi ola. Funsani mlandu wake. Maola 48 akakwana, funsani mwaulemu koma mosaopa kuti apita liti kukhoti. Mukalipira chikole kukhoti tengani lisiti, muisunge mmene mumasungira pepala la ku okushoni. Wina akakuuzani kuti mupereke kangachepe kuti m'bale wanu atuluke pa belo ya kupolisi, kanani, ndipo mukanene kwa mkulu wa polisiyo kapena ku ACB.

Belo ya kupolisi salipira.